KACIPANGIZO KAKANG'ONO KAMENE KANAFUNA KUTIDANITSA PA CIBALE

Mwezi uno ndabwera ndi nkhani ya kanthu kocepa kwambiri, kosafika ngakhale pa msinkhu wa cala canga, koma kamene kanatisowetsa tulo masiku anai kwathu ku Chelstone, ndipo kanatsala pang'ono kundidanitsa ndi mwana wa mlongo wanga. Ndaganiza zoilemba cifukwa ndidziwa kuti mabanja ambiri muno mu Lusaka ali ndi kanthu komweka kuseri kwa kompyuta yao, ndipo tsiku lina kadzawasautsa monga momwe kanatisautsira ife.

Mwana wathu wamkazi wotsiriza anakhoza bwino Geredi 12, ndipo inafika nthawi yakuti atumize mapepala opempha malo ku sukulu ya ukacenjede. Masiku ano zambiri za izi zicitika pa intaneti, ndipo tsiku lotsekera likafika, khomo litsekeka lokha, palibe kalaliki womudandaulira. Ife tinalibe nkhawa, pakuti m'nyumba muli kompyuta ya pa tebulo imene muphwa wanga wa ku Kabwata anatimangira. Iye anagula ziwalo zake cimodzi-cimodzi m'masitolo a m'tauni, kuyambira ku Cairo Road kufikira ku Freedom Way, ndi kuzilumikiza ndi manja ake. Popeza kompyutayo inalibe cokokera Wi-Fi m'kati mwake, anailumikiza ndi kacipangizo kolowetsa pa kabowo ka USB, kamene anyamata a m'tauni amakacha adaputa.

Tsono mwana uja atayamba kutumiza cithunzi ca satifiketi yake ndi ca NRC, zinthu zinali kuyenda kufika pakati, kenaka zii, intaneti yaduka. Ayambenso, cimodzimodzi. Usiku wacitatu ndinamupeza ali misozi cabe pa tebulo. Mtima unandipsa, ndipo ndinaimbira foni muphwa wanga ndi kumuuza mau amene sindinyadira lero. Ndinati, "Mwana iwe, ndalama zija unagula nazo zinyalala kodi?" Iye anangoyankha mofatsa kuti, "Amalume, musataye mtima, ndibwera pa Ciweru m'mawa." Nditaika foni pansi, amai a kunyumba anandiyang'ana nati, "Abambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwaweruza mlandu musanamve mboni."

Zimene ndinaona pa Ciweru lija ndizo ndifuna kugawana nanu, mwa dongosolo lomwelo limene mnyamatayo anatsata.

KODI KANTHUKA KAGWIRA BWANJI NCHITO?

Ife a msinkhu wanga tikumbukira pamene intaneti inafika m'dziko lino m'caka ca 1994 kudzera ku ZAMNET, imene inayambira pa University of Zambia. Nthawi imeneyo zonse zinali kuyenda pa waya wa lamya. Mabowo a USB anayamba m'caka ca 1996, ndipo malamulo oyamba a Wi-Fi anakhazikitsidwa m'caka ca 1997. Lero zonsezi zili m'nyumba zathu, ngakhale ambiri a ife sitidziwa mmene zimvanirana.

Rauta, kabokosi kaja kolandira intaneti kucokera ku kampani, kali ngati nyumba yaing'ono ya wailesi: kaulutsa mafunde osaoneka ndi maso. Adaputa ndiyo wailesi yolandira mafundewo. Koma pali kusiyana kumodzi. Wailesi ya pa khonde ingomvera cabe, pamene adaputa iyenera kuyankhanso, ndipo mau ake ndi ofooka, cifukwa mlongoti wake ndi kacitsulo kocepetsetsa kobisika m'kati mwa pulasitiki. Motero zitheka kuti kompyuta ikumva rauta ndi kuonetsa timizere pa galasi, koma rauta sakumva bwino mayankho ake. Ici ndico cifukwa cake vuto limaonekera kwambiri potumiza zinthu zolemera monga zithunzi, pamene kuwerenga nkhani cabe kuoneka ngati kuyenda bwino.

COYAMBA: PEZANI KUMENE KULI MATENDA

Muphwa wanga atafika sanakhudze kompyuta ai. Anatenga foni yake, nazimitsa intaneti ya pa simu, nailumikiza ku Wi-Fi ya m'nyumba mwathu, ndi kuiika pa tebulo pafupi ndi kompyuta. Kenaka anauza msuweni wake kuti atumizenso cithunzi. Pamene kompyuta inaduka, foni inapitiriza kugwira nchito bwino lomwe.

Ciyeso cimeneci n'capafupi, koma cipulumutsa ndalama zambiri. Ngati foni ndi kompyuta ziduka pamodzi, adaputa ilibe mlandu. Yang'anani nyale za pa rauta, onani ngati mabandulo sanathe, kapena funsani anansi amene ali pa kampani yomweyo ngati naonso avutika. Koma ngati iduka ndi kompyuta yokha, matenda ali pa adaputa, m'kompyuta, kapena pa mtunda wa pakati pa kompyuta ndi rauta.

Pambuyo pake anafunsa mwana uja kuti, "Kodi iduka pa nthawi iti kwenikweni?" Atakumbukira bwino, zinaoneka kuti panali mitundu iwiri ya kuduka. Mtundu woyamba unali kubwera pakati pa kutumiza: liwiro licepa pang'ono-pang'ono mpaka kuima. Mtundu waciwiri unali kubwera munthu akacoka pa kompyuta kanthawi, monga kukadya. Pobwerako apeza Wi-Fi yasoweratu, ndipo ibwerera pokhapokha atazula adaputa ndi kuilowetsanso. Mnyamatayo anati, "Amalume, apa pali matenda awiri, ndipo mankhwala ao ndi osiyana." Anatipatsanso lamulo limene ndikupemphani kuti mulisunge: sinthani cinthu cimodzi cokha pa nthawi imodzi, yesani, ndipo lembani m'kope zimene mwaona. Mukasintha zinthu zisanu pamodzi ndipo vuto latha, simudzadziwa cimene calithetsa, ndipo likadzabweranso mudzayambira pa ciyambi.

CACIWIRI: MALO AMENE ADAPUTA YAKHALA

Kompyuta yathu inali pansi pa tebulo, pa simenti, msana wake utatsamira khoma, ndipo adaputa inali kumsana komweko. Rauta anali ku cipinda cocezera, kuseri kwa makoma awiri a mabuloko. Tsono ganizani: bokosi la kompyuta ndi la citsulo, ndipo citsulo cichinga mafunde a wailesi. Kanthu kathu kanali ngati munthu wogona pansi kuseri kwa mgolo, akuyesa kukambirana ndi mnzake amene ali m'cipinda cina.

Panalinso cina. Pa kabowo koyandikana nako tinalowetsapo cingwe ca kabokosi kosungiramo zithunzi za banja. Mabowo awiriwo anali a mtundu wa buluu m'kati, amene nthawi zambiri amakhala a USB 3.0. Mtundu umenewu unabwera m'caka ca 2008 ndipo uli ndi liwiro lalikulu, koma m'caka ca 2012 kampani ya Intel inafalitsa cikalata cofotokoza kuti zipangizo ndi zingwe za USB 3.0 zitulutsa phokoso la magetsi limene lisokoneza mafunde a 2.4 GHz. Amenewa ndiwo mafunde omwe ma adaputa ambiri otsika mtengo agwiritsa nchito.

Mankhwala ake anali m'thumba mwa muphwa wanga: cingwe cotalikitsira USB ca mita imodzi ndi theka. Anacilowetsa pa kabowo kakuda ka USB 2.0, naika adaputa pa mapeto ake pamwamba pa tebulo, poyera, moyang'ana ku khomo. Musaope kuti kabowo kakuda kacepetsa liwiro. USB 2.0, imene inatuluka m'caka ca 2000, inapangidwa kuti ifike pa 480 Mbps, ndipo ngakhale kuti pa nchito yeniyeni sifika pamenepo, iposabe intaneti ya m'nyumba zambiri. Koma cingwe cisatalike kupitirira mamita 5, pakuti ndiwo malire a USB 2.0.

Pomwepo timizere pa galasi tinakwera kucoka pa tiwiri kufika pa tinai. Tinayesa kutumiza cithunzi cacikulu katatu, ndipo katatu konse cinafika. Matenda oyamba anatha popanda kugula adaputa ina. Ndinafuna kuomba m'manja, koma mnyamatayo anati tidikire. Tinapita kukamwa tiyi, ndipo pobwerako tinapeza Wi-Fi yasowa monga kale.

CACITATU: MAGETSI AMENE ADAPUTA ILANDIRA

Adaputa ilibe batiri. Idya magetsi ocokera pa kabowo ka USB, amene ndi mavoti 5. Mwa lamulo, kabowo ka USB 2.0 kapereka mpaka 500 mA, ndipo ka USB 3.0 mpaka 900 mA. Mukalowetsa adaputa pa kacipangizo kogawira mabowo kamene kalibe magetsi akeake, pamodzi ndi kiyibodi, mausi ndi foni yochaja, zonsezo zilimbirana mbale imodzi, ndipo adaputa ikasowa cakudya pa nthawi ya nchito yolemetsa, izima. Pa kompyuta yomanga pamanja, yang'aniraninso mabowo a kutsogolo. Amenewa afika ku bolodi lalikulu kudzera pa timawaya timene womanga alumikiza yekha, ndipo ngati sanatikanikize bwino, kabowo kagwira nchito mwa apo ndi apo. Mabowo a kumbuyo ndi omatiridwa pa bolodi penipeni, motero ndi odalirika. Muphwa wanga anazula pulagi ku khoma, natsegula bokosi pamaso panga kuti aone nchito ya manja ake. Zonse zinali zolimba.

Tsono anatembenukira ku Windows. Pulogalamu imeneyi ili ndi cizolowezi cogoneka zipangizo za USB zikakhala kanthawi osagwira nchito, pofuna kusunga magetsi. Pa laputopu yoyendera batiri ici n'canzeru, koma pa kompyuta ya pa tebulo phindu lake n'locepa, ndipo ma adaputa ena akagonekedwa sadzukanso. Njira yake nayi. Tsegulani Device Manager, pitani pa Network adapters, dinani kawiri pa dzina la adaputa yanu, ndipo pa tsamba la Power Management cotsani cizindikiro pa mau akuti "Allow the computer to turn off this device to save power". Citani cimodzimodzi pa USB Root Hub aliyense amene ali pansi pa Universal Serial Bus controllers. Kenaka mu Control Panel tsegulani Power Options, lowani m'makonzedwe a mkati a pulani imene mugwiritsa nchito, pezani USB selective suspend setting ndi kuisintha kukhala Disabled.

Atatha izi tinakhala pa nsima kwa ola lathunthu. Pobwerako Wi-Fi inali maso. Tinayesanso madzulo, inali maso ndithu. Matenda aciwiri anatha ndi kudina cabe, popanda ngwee ngakhale imodzi.

Pa nkhani ya magetsi ndionjezepo ziwiri. Adaputa zing'onozing'ono zitentha msanga, makamaka m'mwezi wa Okutobala. Ngati yanu iduka itagwira nchito nthawi yaitali ndipo iwocha cala mukaikhudza, iikeni popita mphepo. Cinanso, tonse tikumbukira cilala ca m'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo makomboni ambiri anali kukhala maola oposa 17 pa tsiku opanda magetsi. Magetsi akabwera, kompyuta ingathe kuyaka msanga pamene rauta afuna mphindi zingapo kuti akonzeke. Yatsani rauta coyamba, dikirani nyale zake zikhazikike, kenaka yatsani kompyuta. Ndipo magetsi akazima, zimitsani pa khoma, kuti pobwera ndi mphamvu asaononge zipangizo.

CACINAI: DRAIVA

Ife tinacira pa mfundo zitatu zimenezi, koma ndinapempha mnyamatayo kuti andiuze zotsala, kaamba ka inu awerengi. Anati cotsatira ndi draiva. Ameneyu si wa minibasi ya ku Chelstone ai, koma kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi adaputa. Womasulira akakhala wakale kapena wolakwika, awiriwo samvana.

Dzina lolembedwa pa pulasitiki silikuuzani zonse, pakuti makampani ambiri agula kamtima ka adaputa kwa opanga ocepa, monga Realtek ndi MediaTek. Kuti mudziwe kanu, mu Device Manager tsegulani tsamba la Details ndi kusankha Hardware Ids. Mukaona VID_0BDA ndiye kuti ndi Realtek. VID_0E8D ndi MediaTek. VID_148F ndi Ralink, imene inagulidwa ndi MediaTek m'caka ca 2011. Tengani draiva kudzera pa Windows Update kapena pa tsamba la kampani imene inapanga adaputa yanu. Cenjerani ndi mapulogalamu amene alonjeza kukonza madraiva onse ndi kudina kamodzi. Ambiri a iwo abwera ndi zonyansa zina, ndipo ena afuna ndalama. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Ngati mufuna kusamukira ku Windows 11, yambani mwaona ngati adaputa yanu ili ndi draiva wa kumeneko.

CACISANU: ANANSI NDI MAKOMA

Vuto la Wi-Fi lisiyana malinga ndi kumene munthu akhala. M'mafulati a ku Kabwata, kumene mabanja akhala mothithikana, foni ionetsa maina ambirimbiri a Wi-Fi, ndipo onsewo alankhula pa mafunde amodzimodzi monga anthu pa msika. Ngati intaneti yanu iyenda bwino m'mawa koma ivuta madzulo anthu akaweruka, ganizirani zimenezi. Pa mafunde a 2.4 GHz pali machanelo atatu amene sapondana: 1, 6 ndi 11. Lowani m'makonzedwe a rauta ndi kuyesa atatuwo, imodzi-imodzi. Ngati rauta ndi adaputa zonse zitha kugwira 5 GHz, samukirani kumeneko, pakuti kuli malo ambiri ndipo phokoso la USB 3.0 silivuta kwenikweni.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands nkhani ndi ina. Mayadi ndi aakulu, anansi ali patali, koma nyumba ndi zazitali ndi za zipinda zambiri. Kumeneko mdani ndi mtunda ndi makoma, ndipo mafunde a 5 GHz afooka msanga podutsa khoma kuposa a 2.4 GHz. Ikani rauta pakati pa nyumba, pamalo okwera, osati m'kabati kapena kuseri kwa wailesi ya kanema. Muike kutali ndi maikulowevu, pakuti nayonso igwira nchito pa 2.45 GHz, pafupi kwambiri ndi Wi-Fi.

NGATI ZONSEZI ZAKANIKA

Ciyeso cotsiriza ndi kusinthanitsa. Tengani adaputa yanu mukaiyese pa kompyuta ya mnansi, ndipo bwerekani yake muiyese pa yanu. Yanu ikavutanso kumeneko pamene yobwereka iyenda bwino kwanu, ndiye kuti yafadi. Pamenepo pokha ndi pamene muyenera kutulutsa ndalama.

Pogula, kumbukirani kuti kompyuta ya pa tebulo siyenda. Ngati rauta ali ndi kabowo ka waya, cingwe ca Ethernet ndico codalirika koposa. Cifika mpaka mamita 100, ndipo makoma kapena anansi sacisokoneza. Ngati waya sangadutse, khadi ya Wi-Fi yolowetsa m'kati pa bolodi, yokhala ndi milongoti yoonekera kunja, iposa kanthu ka USB. Ngati mufunabe ya USB, sankhani yokhala ndi mlongoti. Pemphani wogulitsa aiyese pamaso panu, ndipo musacoke popanda risiti, pakuti popanda ilo n'kobvuta kubweza katundu kapena kukadandaula ku bungwe la CCPC loteteza ogula.

Ndipo ngati tsiku lotsekera lili mawa, musataye nthawi ndi kukonza. Lumikizani foni ku kompyuta ndi cingwe cake cochajira, yatsani USB tethering pa foniyo, ndipo kompyuta idzagwiritsa nchito intaneti ya pa foni. Tikadadziwa ici pa usiku woyamba, mwana wathu sakadalira.

Mapepala aja anapita madzulo a Ciweru lomwelo, kutatsala masiku awiri. Mwana anasindikiza kalata yotsimikiza kuti afika, ndipo amai ake anaisunga m'cikwama ca mapepala a banja. Tsono kunatsala ngongole yanga. Ndinaitana muphwa wanga pamaso pa ana onse ndi kumuuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, ndinakulakwira. Nchito yako inali yabwino. Kompyuta ndinaikankhira ku khoma ndine pokonza m'cipinda, ndipo kabokosi ka zithunzi ndinalowetsapo ndine." Iye anaseka nati, "Amalume, ngakhale ine ndinayenera kukusiyirani cingwe cija pa tsiku loyamba." Amai a kunyumba anamumangira nshawa za ku Chipata, ndipo ndinamuperekeza kukafika pa Great East Road kumene anakwera minibasi.

Inu makolo amene ana anu adzatumiza mapepala caka cino, yesani kompyuta yanu mlungu wathunthu tsiku lotsekera lisanafike, ndipo yesani ndi kutumiza cithunzi cacikulu, osati kuwerenga nkhani cabe. Ikavuta, tengani kope ndi pensulo musanatenge foni yokalipira munthu.

Tsalani bwino, tidzaonananso mwezi wa mawa.